Makina ndi anu, koma mawindo ndi a kampani

Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, m'mayunivesite ambiri a ku America ndi ku Ulaya munali chizolowezi chimene mlendo akanachiyesa misala. Dipatimenti igula kompyuta yatsopano ya kampani ya Sun, ya mtengo woti n'kugulira galimoto. Woyang'anira makina aitulutsa m'katoni, alumikiza mawaya, aiyatsa, ndipo ntchito yake yoyamba n'kukhala yokankhira pambali pulogalamu ya mawindo, timabokosi ta pa sikirini toonekeramo mapulogalamu, imene kampani yaikamo. M'malo mwake ankakatenga ina yaulere yotchedwa X ku yunivesite ya MIT ya ku America, n'kusiya makinawo akuimanga, kutanthauza kusandutsa zolemba zake kuti zikhale pulogalamu yoyenda, kwa maola ambirimbiri iye atapita kukagona. Ya kampani ija anali atailipira kale, ndipo ikavuta panali nambala yoimbapo foni. Yaulereyi ikavuta ankadzionera yekha. Komabe ankasankha yomweyo.

Makina amenewa ankawatcha ma workstation. Anali makompyuta a pa desiki ya munthu mmodzi, koma amphamvu kuposa PC ya nthawi imeneyo, okhala ndi sikirini yaikulu, olumikizidwa pa netiweki, ndipo pafupifupi onse ankayendera Unix, pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyuta yonse monga mmene Windows imachitira pa PC. Opanga ake anali Sun Microsystems, imene inayamba mu 1982, Apollo, DEC, Hewlett-Packard, IBM ndi Silicon Graphics. Ogula anali mainjiniya, asayansi, mabanki ndi mayunivesite, anthu okhala pa sikirini kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Munthu wotero kanthu kakang'ono kokhumudwitsa sikakhala kakang'ono, chifukwa amakumana nako kambirimbiri tsiku lililonse.

Chimene munthu wa Windows kapena wa Mac amachiona ngati chinthu chimodzi, pa Unix chinali zinthu zitatu zosanjikizana. Pansi penipeni pali seva, pulogalamu yolamulira sikirini, kiyibodi ndi mouse. Pulogalamu ina iliyonse ikafuna kujambula mzere kapena kulemba chilembo imapempha sevayo. Pamwamba pake pali window manager, imene imaika mafelemu pa mawindo, kuwasuntha, kuwakulitsa, n'kugamula kuti zimene mukutayipa zilowe m'windo liti. Ndiye pali toolkit, bokosi la zipangizo limene wolemba pulogalamu amatengamo mabatani, ma menu ndi timipata tolembamo, kuti asamaumbe zonse yekha. Pa zitatu zonsezi panabuka mkangano.

Maziko a nkhani yonseyi ndi X Window System, imene inabadwira ku MIT mu 1984 m'manja mwa Bob Scheifler ndi Jim Gettys. Dzinalo ndi nthabwala chabe: ku Stanford kunali ina yotchedwa W, ndiye yotsatira n'kukhala X. MIT inali ndi vuto lenileni lofuna yankho. Pa Project Athena, ntchito yopatsa ophunzira makompyuta olumikizana imene DEC ndi IBM ankathandiza, ophunzira ankagwiritsa ntchito makina a makampani osiyana, choncho pankafunika njira imodzi yojambulira pa sikirini yosafunsa kuti makinawo apanga ndani. X11, mtundu wa nambala 11 wa X, inatuluka mu Seputembala 1987, DEC itaperekapo mainjiniya ake ambiri, ndipo mu 1988 panakhazikitsidwa X Consortium yoti iziyang'anira ntchitoyo.

X inali ndi makhalidwe ake. Pulogalamu inkatha kuyenda pa kompyuta ya m'nyumba ina, windo lake n'kumaonekera pa sikirini yanu. Komanso X inakana dala kulamula maonekedwe. Inkapereka njerwa ndi matope, koma pulani ya nyumba ayi. Batani likhale lozungulira kapena la makona anayi, zimenezo inasiyira ena. Chachikulu kuposa zonse chinali laisensi. Aliyense ankaloledwa kutenga source code, kutanthauza zolemba zenizeni za pulogalamu zimene munthu angawerenge ndi kusintha, n'kuisintha mmene afunira, n'kuigulitsa, popanda kubweza kanthu kapena kuonetsa zimene wasinthazo. Laisensi imeneyi ndiyo inatsegulira nthenda chitseko, ndiyonso inasunga mankhwala.

Makampani anatengadi. DEC inapanga DECwindows, IBM inapanga AIXwindows, HP inabwera ndi VUE, aliyense n'kuwonjezerapo zake n'kutseka. Chifukwa chake sichovuta kuchimvetsa. Pafupifupi makina onsewa pansi pake anali Unix, ndipo ngati pulogalamu ndi luso la wogwiritsa ntchito zingasamuke mosavuta kuchoka pa makina ena kupita pa ena, wogula amangoyang'ana mtengo basi. Wogulitsa safuna zimenezo. Amafuna kuti zala zanu zizolowere zake, mapulogalamu anu alembedwe ndi toolkit yake, kuti tsiku lodzagula makina ena mudzaone kuti kusamuka n'kodula. Zinali ngati nyumba imene mwagula ndi ndalama zanu, koma amene anakugulitsani n'kusunga mphamvu za landilodi: windo ili simulisuntha, chitseko ichi simuchikonza nokha, chikathyoka lembani kalata mudikire.

Chitsanzo cha Sun ndicho chiyenera kukhalitsapo, chifukwa ndi kumene madandaulo anamveka kwambiri, ndiponso chifukwa Sun sinali kampani ya anthu opusa. Poyamba inali ndi SunView, yopepuka ndi yachangu, koma yosatha kuonetsa mawindo kudzera pa netiweki. Mu 1986 inabweretsa NeWS, ntchito ya James Gosling ndi David Rosenthal. Gosling ndi yemweyo amene pambuyo pake anadzatchuka ndi Java, chinenero cholembera mapulogalamu. Nzeru ya NeWS inali yokongola. M'malo motumiza timalamulo tambirimbiri takuti jambula apa, jambula apo, pulogalamu inkatumiza ku seva kachidutswa ka PostScript, chinenero chomwe chija cha mapulinta, ndipo kachidutswako kankagwira ntchito komweko. Menu inkatha kutseguka n'kutsekeka popanda kufunsa chilichonse kudzera pa waya. Zilembo zinkakula ndi kuchepa bwinobwino, windo linkatha kukhala lozungulira. Kunena zoona, pa zambiri NeWS inkaiposa X.

Koma NeWS inali ya Sun, ndipo source code yake inali yolipira. Makampani ena, amene ankaopa kale mmene Sun inkakulira, anaima kumbuyo kwa X. Silicon Graphics inayesako NeWS kwa zaka zingapo, kenako mu 1991 nayo inasamukira ku X. Sun itaona kuti yatsala yokha, sinafune kutaya mwana wake, komanso sikanatha kukana X. Choncho mu OpenWindows, pulogalamu yake yatsopano ya mawindo imene inayamba kutuluka mu 1989, inasakaniza zonse mu seva imodzi yolankhula X11 ndi NeWS pamodzi, yololanso mapulogalamu akale a SunView. Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa. Apa mapanga anali atatu.

Zotsatira zake ndi zimene anthu ankadandaula nazo. Sevayo inali yolemera, ndipo makina ambiri a nthawiyo anali ndi memory ya ma megabyte 8 kapena 16 okha. Memory ikadzaza, makina amayamba kutaya zinthu pa disiki n'kumazitolanso, ndipo munthu amangomva disiki ikulira iye akudikira windo kuti lijambulike. Seva ya MIT, yosanyamula katundu wa PostScript, pa makina omwewo inkasiyira mapulogalamu malo opumira. Wogwiritsa ntchito wamba, amene mwina tsiku lonse ankangofuna mawindo anayi olembamo malamulo ndi limodzi la makalata, ankalipira ndi nthawi yake luso limene sankalikhudza n'komwe.

Dandaulo lachiwiri linali kuchedwa. MIT inatulutsa makope atsopano a X11, X11R4 mu Disembala 1989 ndi X11R5 mu Seputembala 1991, koma makampani ankatenga nthawi yaitali kuti zatsopanozo zifike kwa ogula awo. Mapulogalamu aulere ochokera ku mayunivesite ena ankalembedwa poganizira X ya MIT. Mukawabweretsa pa makina a kampani, kuwamanga kunkakanika: fayilo ina palibe, ina ili malo achilendo ngati /usr/openwin, ina ndi yakale. Ndipo apa ndi pamene panali popweteka penipeni. Anthu ambiri okhala pa makinawa anali odziwa kulemba mapulogalamu. Ankatha kuona kuti cholakwika chili apa, mwina mizere iwiri yokha, koma source code analibe. Chimene akanachita n'kulemba lipoti, n'kudikira. Mmisiri wa matabwa kumuuza kuti mpando wake womwe asaukhome msomali mpaka abwere a ku fakitale, n'kumuputa.

Pamwamba pa zonsezi panabwera nkhondo ya maonekedwe. Chakumapeto kwa 1987 Sun ndi AT&T, mwini wake wa Unix, anagwirizana zopangira limodzi Unix ya m'tsogolo. Enawo anachita mantha kuti Sun izidya pafupi ndi mphika, ndipo mu 1988 DEC, IBM, HP, Apollo ndi makampani ena a ku Ulaya anakhazikitsa bungwe lawo la Open Software Foundation. Mbali ya Sun ndi AT&T inabwera ndi OPEN LOOK: mabatani ozungulira m'mbali, menu yotuluka ndi batani lakumanja la mouse, ndi kapini kokhomera menu kuti isatsekeke. Mbali inayo mu 1989 inatulutsa Motif, ya mabatani ooneka ngati otumphuka, yotsanzira dala kachitidwe ka Presentation Manager, pulogalamu ya mawindo ya Microsoft ndi IBM. Mbali zonse ziwiri zinkadzitcha zotseguka. Liwu limenelo linagwira ntchito yambiri zaka zimenezo, ndipo kawirikawiri linkatanthauza kuti mungawerenge malamulo athu, osati mungasinthe chilichonse.

Wovutika anali munthu wa pa desiki. Pa sikirini imodzi pankatha kukhala pulogalamu ya OPEN LOOK, ina ya Motif, ina ya zipangizo zakale za Project Athena ya ku MIT ija, iliyonse ndi njira yake yotsitsira tsamba. Kukopa mawu apa n'kukawamata apo nthawi zina kunkatheka, nthawi zina ayi. Kukoka fayilo kuchoka m'windo la mbali ina n'kukaiponya m'windo la mbali inayo kunali kutaya nthawi. Panalembedwa buku la malamulo a mmene mapulogalamu a X azikhalirana, lotchedwa ICCCM, ndipo analemba ndi Rosenthal yemwe uja wa NeWS, koma linali lovuta kulitsata moti ambiri ankangotsatako mbali.

Motif ndiyo inapambana pa msika, ndipo kupambanako kunabala dandaulo lina. Inali yolipira, source code yake ndi makope ake omwe. Sun kwa zaka zingapo sinkaiika m'makina ake, choncho wofuna Motif pa Sun ankakagula kwina. Wolemba pulogalamu yaulere ankasowa pogwira: akalemba ndi Motif, anthu opanda laisensi sakanatha kuimanga okha. Mosaic, pulogalamu ya mu 1993 imene inazoloweretsa anthu ambiri mawebusaiti, pa Unix inalembedwa ndi Motif, ndipo ambiri ankangoilandira yomangidwa kale, Motif itamatidwiratu m'kati. Chodabwitsa n'chakuti Sun, imene ankainena kuti ndi yaumbombo, inapereka kwaulere source code ya XView ndi ya olwm, toolkit ndi window manager za OPEN LOOK. Yogonjayo ndiyo inali yaulere.

Njira yothawira inalipo chifukwa cha laisensi ija. X yeniyeni inali ikadali ku MIT, yotseguka kwa aliyense wokhala ndi intaneti kapena tepi. Munthu ankaikoka, n'kukonza mafayilo ochepa ofotokoza makina ake, n'kulemba lamulo lakuti make World. Dzina lodzikuza, koma ntchito yake inalidi yaikulu. M'mawa, ngati palibe chimene chaphulika usiku, anali ndi seva, ma library (zidutswa zimene mapulogalamu amabwerekana) ndi mapulogalamu zonse zatsopano.

Window manager imene inkabwera nayo kuyambira pa X11R4 inali twm, imene Tom LaStrange anayamba kulemba mu 1987. Siinali yokongola. Koma zonse za khalidwe lake zinali mu fayilo imodzi ya mawu wamba, .twmrc, imene munthu ankatsegula n'kulemba yekha kuti batani ili lizichita chakuti, menu iyi ikhale ndi zakuti, mitundu ikhale yotere. Anthu ankapatsana mafayilo amenewa ngati mbewu, wina n'kusinthako pang'ono n'kupatsanso mnzake. Ndipo popeza source code inalipo, amene sanakhutire ankapanga mphukira yake: tvtwm, vtwm, ctwm. Zambiri mwa mphukirazi zinabweretsa chinthu chimodzi chimene makampani ena anachedwa nacho, desiki, kutanthauza malo oyalapo mawindo, yaikulu kuposa sikirini, kapena madesiki angapo oti munthu azidumpha kuchoka pa ina kupita pa ina. Ngakhale okonda OPEN LOOK anatenga olwm ya Sun n'kupanga olvwm kuti apeze zomwezo.

Panali kamkangano kena kamene kwa munthu wakunja kangaoneke kachibwana: kodi windo lizilandira zotayipa mouse ikangofikapo, kapena mpaka mutadinapo? Anthu ankakangana pa zimenezi ngati za mpira. Koma kamaonetsa bwino chimene chinkafunidwa. Sikuti panali yankho limodzi lolondola. Munthu ankangofuna kuti pa chinthu chimene dzanja lake limachita kambirimbiri pa tsiku, wogamula akhale iye.

Kwa oyang'anira makina chifukwa chinali china, chosakhudza zokonda. Chipinda chimodzi cha ophunzira chinkatha kukhala ndi makina a Sun, a DEC ndi a HP, malingana ndi amene anapereka mtengo wabwino chaka chimenecho. Kuika X ya MIT paliponse kunkachititsa kuti wophunzira akhale pa makina alionse n'kupeza zinthu zili mofanana, ndipo woyang'anira aziyankha funso limodzi m'malo mwa atatu.

Tisanamizane kuti yaulereyo inalibe mtengo. Mukachotsa seva ya Sun, mapulogalamu onse odalira NeWS ankafa nayo limodzi. Seva ya MIT sinkadziwa kuyendetsa zipangizo zonse zapadera zojambulira zimene makampani ankagulitsa, moti munthu wa Silicon Graphics, amene anagula makinawo chifukwa cha zithunzi zomwezo, analibe kothawira kwenikweni kupatula kusintha window manager. Pa disiki pankakhala magulu awiri a ma library, a kampani ndi a MIT, ndipo pulogalamu ikatola olakwika inkagwa ndi uthenga wosamveka; anthu ambiri anataya masana athunthu akulimbana ndi LD_LIBRARY_PATH, mndandanda wouza pulogalamu kokapeza ma library. Wogulitsa pulogalamu yodula ya mainjiniya akamva kuti mwasintha seva, ankangoti vutolo ndi lanu. N'chifukwa chake ambiri ankasakaniza: seva ya kampani ndi twm pamwamba, kapena seva ya MIT ndi olwm. Kusanjikizana kwa zinthu zitatu kuja, kumene kunabweretsa chisokonezo, ndi komwenso kunalola kusakaniza kotere.

Makampani anadzagwirizana, koma chinawagwirizanitsa si madandaulo a ogula. Chinali mantha a Windows NT, imene Microsoft inatulutsa mu 1993. Mu Malichi chaka chomwecho HP, IBM, Sun, SCO ndi ena analengeza mgwirizano wotchedwa COSE, ndipo m'menemo munatuluka Common Desktop Environment, CDE, yomangidwa pa Motif ndi pa VUE ya HP. Sun inagonja. OPEN LOOK inayamba kutayidwa, NeWS inachotsedwa mu seva chaka chomwecho, ndipo onse amene anakhulupirira kampani n'kulemba mapulogalamu awo ndi zipangizo zimenezo anatsala padzuwa. CDE inafika kwa ogula cha m'ma 1995, yolemera, yolipirabe, chaka chimene Windows 95 inadzaza masitolo.

Nthawi yonseyi pansi pankamera china. Linux, yaulere komanso yofanana ndi Unix, inayamba mu 1991, ndipo mu 1992 XFree86 inabweretsa X yodalirika pa PC wamba. Kumeneko kunalibe kampani yokuikirani mawindo, choncho zaulere zija zinasiya kukhala pothawira n'kukhala nyumba yeniyeni. Mu 1993 Robert Nation anatenga twm n'kuichepetsa kuti izidya memory yochepa, n'kupanga fvwm, imene inkatha kuoneka ngati Motif popanda kulipira aliyense, ndipo sipanapite nthawi inayamba kupezekanso pa makina odula a Sun ndi HP. Ena analemba LessTif, yotsanzira Motif kuti mapulogalamu ake azimangika mwaulere. Ku Berkeley, Spencer Kimball ndi Peter Mattis anayamba GIMP, pulogalamu yokonzera zithunzi, ndi Motif, kenako atatopa nayo analemba toolkit yawoyawo, GTK. Mu Okutobala 1996 Matthias Ettrich wa ku Germany anayambitsa KDE, desiki yathunthu yaulere. Popeza Qt, toolkit imene KDE inasankha, laisensi yake panthawiyo sinali yaufulu mokwanira, Miguel de Icaza ndi Federico Mena a ku Mexico anayambitsa desiki ina, GNOME, mu 1997 pogwiritsa ntchito GTK ija. Phunziro la Motif linali likadali laliwisi m'mitu mwawo. Qt inadzaikidwa pa laisensi yaufulu ya GPL mu 2000, ndipo chaka chomwecho Sun inalengeza kuti GNOME ndiyo idzalowe m'malo mwa CDE pa makina ake.

Mphamvu zinali zitasamuka, ndipo zinaoneka kawiri. Mu 1998 bungwe la The Open Group, limene linali litalandira X, linayesa kuika malire pa laisensi ya X11R6.4. Anthu a XFree86 anakana kutsatira, ndipo miyezi ingapo itadutsa laisensi yakale inabwezeretsedwa. Mu 2004 atsogoleri a XFree86 nawo anasintha laisensi yawo m'njira imene ambiri sanaikonde, ndipo olemba mapulogalamu anangonyamula source code n'kusamukira ku bungwe lina, X.Org. Ogula OpenWindows mu 1991 njira imeneyi analibe.

Wowerenga amene ali ndi foni ya Android m'thumba nkhaniyi si yachilendo kwenikweni kwa iye. Pansi pali Android yomweyo, koma Samsung imavekapo One UI, Tecno HiOS, Infinix XOS, ndi timapulogalamu tina tosatheka kufufuta tikudya malo, ndipo zatsopano zimafika kampani ikafuna. Kusiyana kwake n'kwakuti mafoni ambiri ndi okhomedwa kwambiri kuposa mmene workstation inalili. Ndipo amene anayatsapo laputopu ya Ubuntu, imene Mark Shuttleworth wa ku South Africa anayambitsa mu 2004 ndi dzina lachibale ndi umunthu wathu, desiki imene amaona lero ndi GNOME, mdzukulu wa kutopa ndi Motif kuja. X nayonso ikulowedwa m'malo pang'onopang'ono ndi Wayland, imene inayamba mu 2008.

CDE ndi Motif zinadzamasulidwa kwathunthu mu 2012. Pofika nthawiyo DEC inali itagulidwa ndi Compaq mu 1998, Silicon Graphics inali itagwa mu 2009, ndipo Sun inali itamezedwa ndi Oracle mu 2010. NeWS palibe akuigwiritsa ntchito. Koma twm ikadalipo, ndipo pa Linux kapena BSD, mtundu wina waulere wa Unix, mungaiike lero lino ndi lamulo limodzi, n'kutsegula .twmrc yanu n'kulembamo zimene mukufuna.